Digiri ya a Zimitsani

Kuntchito kwathu aliyense amawatchula kuti a Zimitsani. Ngakhale dalaivala amene wayamba ntchito dzulo amadziwa dzina limeneli asanadziwe kumene kuli chimbudzi. Linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawaimbira kuti kompyuta yaima, asanamve n'komwe zambiri amayankha kuti, "Zimitsani kaye, muyatsenso." Kawirikawiri zimathekadi. Zikakanika amabwera okha ndi kachikwama kawo ka zipangizo, n'kugwada pansi pa tebulo lako osadandaula za fumbi.

Ndife kampani yonyamula katundu. Pansi pali bwalo la magalimoto ndi nyumba yosungiramo katundu, ndipo maofesi ali m'mwamba. Ine ndimalandira alendo ndi kutaipa makalata. Kumbuyo kwa tebulo langa kuli kachipinda kopanda windo, komwe kale tinkasungamo zokolopera. M'menemo ndi mmene muli makina olumikiza makompyuta onse, ndipo ndi mmene a Zimitsani akhala zaka zoposa khumi ndi zisanu, pa mpando wothyoka mkono umodzi, fani ikuwauzira m'khosi. Amanditchula achemwali, ine ndimawatchula achimwene, ngakhale palibe ubale uliwonse.

Anabwera pakampani pano ngati mesenjala, atangomaliza sekondale. Nthawi imeneyo makompyuta analipo anayi okha, ndipo akawonongeka tinkaitana bambo wina wa m'tauni amene ankalipiritsa ngakhale kungoyang'ana. Mesenjala ndi amene ankagwira makwerero ndi tochi. Ankagwira tochiyo maso ali pa zala za bamboyo. Bambo uja atasamukira kwina, tsiku lina pulinta inakana kutulutsa malisiti magalimoto asanu ali pamzere pageti. Bwana wathu wakale anangoti, "Iwe, suja umaonerera? Tayesa." Anayesa, zinatheka. Kuyambira pamenepo njinga ya umesenjala anaisiyira wina. Mawaya onse a m'nyumba muno anayala ndi iwo, moti amadziwa ngakhale soketi imene imakwiya mvula ikagwa.

Zaka zisanu zapitazo kampani inagulidwa. Eni ake atsopano anatitumizira mayi woona za antchito, amene tonse timangowatchula kuti madamu. Si munthu woipa ayi. Anatha sabata ziwiri akuwerenga mafayilo athu, ndipo mu fayilo ya a Zimitsani anapezamo mapepala awiri okha: kalata yowalemba umesenjala ndi satifiketi ya kusekondale. Anawaitana. Chitseko sanatseke, choncho ndinamva zonse.

"Bambo, pa mpando umene mulipowu eni ake akufuna munthu wa digiri. Ndakumenyerani nkhondo, ndipo avomera kukupatsani zaka zinayi. Koma ikhale yochokera ku koleji yovomerezeka."

"Yovomerezeka ndi ndani, madamu?"

"Ndi oyenera kuvomereza."

A Zimitsani anatuluka akumwetulira, n'kukakhala m'kachipinda kawo. Tsiku limenelo fani sanayatse.

Kusiya ntchito kuti akakhale pa desiki sizikanatheka. Kunyumba kuli ana atatu, ndipo akazi awo, amene amasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde, amapeza bwino miyezi yotsegulira sukulu yokha. Makalasi a madzulo a m'tauni amayamba ife tisanaweruke, komanso ali kutsidya lina la mzinda. Chinatsala ndi kuphunzira pa intaneti.

Nthawi ya nkhomaliro ankakokera mpando wawo pa tebulo langa, chifukwa kompyuta yanga ili ndi galasi lalikulu. Tinkatsegula tsamba ili, tsamba ilo. Makoleji analipo ngati mchenga, ndipo lililonse linali ndi chithunzi cha anthu okhala pa kapinga, malaputopu pamiyendo, mano onse pamtunda.

"Achemwali, bwanji onsewa akuseka? Alibe fizi yolipira kodi?"

Patatha mwezi anatsala ndi makoleji atatu, amene anawalemba kuseri kwa pepala lakale la katundu. Yoyamba inali yodziwika, yopezeka pa mndandanda uliwonse umene tinafufuza. Titaona fizi yake tinangoyang'anana. Teremu imodzi yokha inkaposa malipiro awo a theka la chaka.

Yachiwiri inali yotchipa mochititsa manyazi. Inkalonjeza digiri m'chaka chimodzi ndi theka, ati chifukwa adzawerengera zaka zimene munthu wagwira ntchito. Pamwamba pa tsamba lake panali chidindo chagolide cha bungwe limene ankati linaivomereza. Titangolemba nambala ya foni, pasanathe ola anaimba, mawu okoma ngati akufunsira mbeta. Ine ndinakopeka, sindibisa. Koma a Zimitsani anafufuza bungwe la chidindo lija, n'kupeza kuti adiresi yake ndi yomweyo ya kolejiyo, mpaka nambala ya chitseko.

"Mwaona? Akudzivomereza okha," anatero akugogoda galasi ndi chala. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Tsiku limenelo anayenda mapewa ali m'mwamba. Ankaona ngati msampha aupeza, ndipo kutsogolo kulibenso wina.

Yachitatu inali yapakati. Fizi yake inali yoti munthu atamanga lamba angaikwanitse. Dzina lake linalidi pa mndandanda wa bungwe lenileni la m'dziko limene kolejiyo ili. Koma pansi pa dzinalo panali timawu ting'onoting'ono, ndipo tinachita kutikulitsa kuti tiwerenge. Timati kolejiyo ndi yovomerezeka, koma maphunziro ake a zamakompyuta akuunikidwabe. Apa mpamene tinadziwira kuti kuvomereza kuli pawiri: pali kuvomereza sukulu, palinso kuvomereza maphunziro amene ukuchitawo. Titafunsafunsa tinamva kuti palinso kachitatu. Pepala lochokera kunja liyenera kudutsa ku bungwe la kwathu kuno loona za mapepala a maphunziro, kuti linene ngati lili digiri kapena ayi.

"Safunsa anadya phula," anatero a Zimitsani, ndipo anapempha tsiku limodzi kuti apite ku bungwelo. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera m'mawa mwake.

Ofesiyo ili pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chake chinali chakufa. Anakwera masitepe, n'kupeza mabenchi awiri odzaza anthu, aliyense atakumbatira envulopu. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Atafika pa windo anapeza mayi wachikulire wa magalasi, ndipo anamuonetsa pepala la katundu lija.

"Mayi, ndikufuna kuyamba pa koleji iyi. Ndikamaliza, pepala lake mudzalilandira?"

"Ife timaunika pepala, bambo, osati malonjezo. Mukamaliza mudzabweretse."

"Ndiye ndilipire zaka zitatu, kenako mudzandiuze ngati ndataya m'madzi?"

"Ndi mmene zilili."

"Chabwino. Tisiye za ofesi. Ndikanakhala mlongo wanu, mukanandiuza chiyani?"

Mayiyo anavula magalasi, n'kuwayang'ana mwachisoni. Anatsitsa mawu.

"Pakamwa panga si chidindo, achimwene. Chaka chatha anabwera awiri a koleji imeneyi, koma anachita zamalonda, ndipo anadutsa. Wa zamakompyuta sindinamuonepo. Lero kolejiyi ili pa mndandanda. Za mawa sindingadziwe."

Anabwerera kwa madamu, n'kuwapempha kuti alembe kakalata kotsimikiza kuti kampani idzalandira digiri ya koleji imeneyi. Madamu anati sangalembe chimene bungwe silinalembe. A Zimitsani analembera kolejiyo. Anayankhidwa tsiku lomwelo kuti asadandaule, kuunikako kutha posachedwa. Atafunsa kuti posachedwa ndi liti, anayankha munthu wina, wa dzina lina, ndi mawu omwewo. Ankangowaponyerana ngati mpira, ndipo aliyense ankawaponya mwaulemu.

Miyezi isanu inatha choncho. Lamlungu lina masana ndinapita kwawo kukatenga diresi imene akazi awo ankandisokera. Amanditchula alamu. Ndinawapeza pakhonde, mashini awiri osokera ali pambali, amuna awo atakhala pa sitepe ndi pepala lija, limene tsopano linali litafewa ngati nsanza.

"Alamu, tawafunsani achimwene anuwa," anatero mayiwo ulusi uli kukamwa. "Ine nsalu ndimaigwira ndisanagule. Sukulu yawoyi ili ndi geti?"

"Ili pa intaneti, mayi a ana," anayankha a Zimitsani.

"Ikathawa mudzaigwira mwendo uti?"

Tinaseka, koma a Zimitsani sanaseke. Mayiwo analavula ulusi uja, n'kunena mofatsa.

"Bambo a ana, yodulayo sitingaithe, yotchipayo mwati ndi yabodza. Yatsala imodzi. Mukamayang'anabe pepalalo, zaka zinayi zija sizikukudikirani."

Lolemba analembetsa pa koleji yachitatu. Chala chawo chinaima pa batani kwa nthawi, kenako anadina. Sanasankhe chifukwa chokhutira ayi. Anasankha chifukwa panalibenso china chosankha.

Chodabwitsa n'chakuti sukuluyo anaikonda. Ankafika kuntchito mlonda asanaweruke, n'kuwerenga mpaka ife titafika. Nkhomaliro ankadya ndi dzanja limodzi, lina lili pa kompyuta, ndipo Loweruka lonse linkathera m'kachipinda kaja. Tsiku lina anatulukira nkhope ikuwala.

"Achemwali, mukudziwa kuti zimene ndinachita zija, zogawa makompyuta a kumalipiro kuti asamaonane ndi a kubwalo, zili ndi dzina? Zili m'buku! Ine ndinkayesa ndi nzeru za umphawi."

Aphunzitsi analipodi, anthu enieni, ndipo ankachonga ntchito mosanyengerera. Mayeso ankalembera kunyumba kamera ikuwayang'ana. Asanayambe ankazungulitsa laputopu kuti woyang'anira aone chipinda chonse, mpaka kunsi kwa tebulo. Akazi awo ankaimitsa mashini, ana n'kuwatumiza kwa aneba. Ulendo wina magetsi anazima ali pakati pa mayeso, intaneti n'kuduka. Kolejiyo inati anatuluka m'mayeso popanda chilolezo. Analemba makalata anayi kufotokoza, koma mapeto ake anabwereza phunzirolo ndi kulipiranso. Fizi inkalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo chaka chilichonse ndalama yathu inkafooka, moti koleji yapakati ija inayamba kukwera yokha osasintha mtengo. Chaka chachiwiri chisanathe, pakhonde paja panatsala mashini amodzi. Sindinafunse, ndipo iwo sananene.

Teremu iliyonse ankatsegula mndandanda uja kuti aone ngati timawu tija tachoka. Tinali pomwepo.

Imelo inabwera Lachitatu m'mawa, m'chaka chawo chachitatu. Anaisindikiza n'kubwera nayo pa tebulo langa.

"Tawerengani inu, mwina ine chizungu chandithawa."

Chizungu sichinawathawe. Kalatayo inayamba ndi mawu akuti ali ndi nkhani yosangalatsa. Kolejiyo inali itaphatikizidwa ndi ina yaikulu, ndipo dzina lisintha. Maphunziro a zamakompyuta amene a Zimitsani ankachita atsekedwa, koma amene anayamba kale aloledwa kumaliza. Chakumapeto, m'ndime yaifupi, anati popeza maphunzirowo akutsekedwa, ntchito yowaunika yaimitsidwa. Wofuna angasamukire ku maphunziro atsopano ovomerezeka, koma ayambire chaka chachiwiri, pa mtengo watsopano.

Pa zaka zinayi za madamu panali patatsala chaka chimodzi ndi miyezi iwiri.

Foni ya pa tebulo langa inalira mpaka kusiya yokha. Iwo anangoima, manja lende, akuyang'ana khoma.

"Ndiye kuti sanakane, sanavomere," anatero pomaliza. "Angosiya."

Sanakhale pansi ayi. Anakweranso masitepe a ku bungwe kuja. Mayi wa magalasi anali atapuma ntchito, ndipo pa windo panali bambo wina amene anawauza zomwezo, kuti amalize adzabweretse. Analembera koleji yodula ija kufunsa ngati ingawalandire ndi zimene anaphunzira kale. Inayankha kuti pa maphunziro makumi awiri ndi awiri amene anakhoza, ingawerengere anayi. Anapempha madamu kuti awonjezere zaka ziwiri kuti asamukire ku maphunziro atsopanowo. Madamu anakafunsadi kwa eni ake, ndipo anabwerako akupukusa mutu. Khomo lililonse limene anagogoda linatsegulidwa, koma m'kati munalibe munthu woti n'kugwira naye nkhani.

Choncho anapitiriza, podziwa kuti mwina akutunga madzi ndi dengu. Chaka chomalizacho sanabwerenso kudzandiuza mayina a zinthu. Ankawerenga, ankalemba, ankakhoza bwino kuposa kale, koma nkhope inali ngati ya munthu amene akumanga nyumba pa malo a mkangano.

Pepala la digiri linabwera mu envulopu yolimba, dzina lawo litalembedwa mokhotakhota, chidindo chofiira pansi. Kunena zoona linali lokongola. Madalaivala anawaombera m'manja pabwalo, wina n'kuimba hutala. M'mawa mwake analipititsa ku bungwe, analipira, n'kuuzidwa kuti adikire miyezi itatu.

Miyezi itatu inakhala isanu ndi iwiri. Ali m'kati modikira, zaka zinayi zinakwana. Madamu anakoka miyezi iwiri mwa iwo okha, koma kenako anabwera pa tebulo langa ndi pepala lolemba pamanja.

"Mutaipe chilengezo ichi, chipite ku nyuzipepala Lachisanu."

Chinali chilengezo chofuna munthu pa mpando wa a Zimitsani. Pamalo polemba ntchito zimene munthuyo azidzagwira panali mzere umodzi wokha, chifukwa madamu sankadziwa bwinobwino zimene zimachitika m'kachipinda kaja. Anandiuza, maso ali kumbali, kuti ndifunse a Zimitsani eni ake.

Ndinazengereza mpaka nthawi ya nkhomaliro. Nditawauza, anakoka mpando wawo monga kale, n'kukhala pambali panga.

"Lembani, achemwali. Kusamalira netiweki ya maofesi ndi ya kubwalo. Kusunga zonse za pa seva Lachisanu lililonse. Kukonza mapulinta, makamaka ya pageti." Anaima pang'ono. "Muonjezere kuti akhale wodziwa kukwera makwerero."

Ndinataipa misozi ikugwera pa zala. Iwo ndi amene anaona kuti ndalakwitsa liwu limodzi, ndipo anandilozera.

Kalata ya bungwe inafika oyesedwa ntchito atabwera kale. Inali ya ndime ziwiri. Yoyamba inati kolejiyo inali yovomerezeka pa nthawi imene iwo ankalembetsa. Yachiwiri inati popeza maphunziro amene anachitawo sanamalizidwe kuunikidwa, bungwe likuona pepala lawo kukhala lofanana ndi dipuloma. Ngati sakukhutira ali ndi ufulu wodandaula, pobweretsa kalata yochokera ku bungwe la kunja lija yotsimikiza za maphunzirowo. Analembera bungwe la kunjalo kawiri. Linayankha kuti silipereka kalata pa maphunziro amene kulibenso.

Madamu anaiwerenga kalatayo kawiri, n'kuibweza ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Ndinkayembekeza kuti mwina."

Sanachotsedwe ntchito. Pa mpando wawo analembapo mayi wina wa digiri, munthu waulemu amene amawatchula kuti bambo ndipo sachita manyazi kuwafunsa kumene waya akudutsa. A Zimitsani tsopano ndi wothandizira wake, pa kontirakiti ya chaka ndi chaka. Malipiro sanatsike, koma anauzidwa kuti pa giredi imeneyo sadzakweranso. M'kachipinda kaja analowetsamo tebulo lachiwiri, moti wina akafuna kutuluka mnzake amayamba waimirira. Akazi awo anagula felemu n'kupachika pepalalo pabalaza. Anandiuza kuti amuna awo akakhala pabalazapo amasankha mpando woti pepalalo likhale kumbuyo kwawo.

Mwezi watha ndinatsikira kubwalo nthawi ya nkhomaliro kukapereka makalata. Ndinapeza a Zimitsani atakhala pa tayala lakale mumthunzi wa galimoto, pamodzi ndi dalaivala wathu wamkulu, bambo wa imvi amene watsala pang'ono kupuma. Mwana wake wamkazi wamaliza sekondale, malo ku yunivesite sanapeze, ndipo akufuna kuchita zamakompyuta pa intaneti. Bamboyo anali ndi cholembera ndi kope lake la maulendo.

"Inu mwadutsamo, achimwene. Tiuzeni poyambira."

A Zimitsani anafotokoza bwinobwino, ngati mphunzitsi. Asakhulupirire chidindo cha pa tsamba la koleji, akafufuze yekha bungwe limene lili kuseri kwake, ndipo aone ngati boma la dzikolo limalidziwa. Aone ngati avomereza sukulu yokha kapena ndi maphunziro omwe. Awerenge timawu ting'onoting'ono. Afunse ngati makoleji ena angalandire zimene waphunzira atafuna kusamuka. Awerengere kuti ndalama yakunja imakwera. Asunge kalata iliyonse. Dalaivalayo ankalemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo, mpaka tsamba linadzaza.

"Ndiye tikachita zonsezi, ndiye kuti zili bwino?"

A Zimitsani anayang'ana nsapato zawo.

"Zambiri mwa izi inenso ndinachita."

Dalaivalayo anatseka kope lija, n'kuliika m'thumba la malaya.

"Nanga mwanayo ndikamuuze chiyani? Ayambe kapena asayambe?"

"Sindikudziwa, achimwene. Kunena zoona, sindikudziwa."

Ine ndinaima ndi makalata m'manja, osadziwa kuti ndiyambe kupatsa ndani. Kenako wa pageti anakuwa kuti galimoto ya bamboyo yatha kupakira, ndipo anadzuka, n'kusasa fumbi kumbuyo kwa thalauza, napita kukailiza.